Mbale Yodutsa Pampanda

Kwathu, kufupi ndi Senga Bay, chakudya sitinkachidya chotentha. Sikuti amayi ankachedwa kupakula, ayi. Vuto linali pemphero la bambo. Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale, analinso mkulu wa mpingo, ndipo maudindo awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, ana a m'nyumbamo amaphunzira kupirira akadali aang'ono. Ankayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mvula, ngakhale pakati pa chilimwe. Kenako ankathokozera asodzi, amayi opeta mpunga ku Maganga, wowotcha makala, wopanga mchere, mpaka dalaivala wa lole imene inanyamula mcherewo. Ine ndinkatsinzina diso limodzi, linalo likulondera ntchentche. Pofika pa "Amen" mpunga unali utazizira kale, ku Salima kotentha konkuja.

"Inu aphunzitsi," amayi ankatero, pakuti ndi mmene ankawaitanira akafuna kuwaseka, "Mulungu wamva. Tsopano akufuna aone ngati mudye zimene wakupatsanizo."

Bambo sankasunthika. Ankati ngakhale galu amagwedeza mchira ukamuponyera fupa, nanga munthu angameze bwanji chinthu osathokoza mwini wake? Moyo wawo wonse sanaikepo kanthu m'kamwa asanapemphere, ngakhale chimanga chowotcha cha pamsewu. Chokhacho chimene chinkapulumuka chinali tiyi. Tiyi, ankatero, ndi madzi chabe ovala suti.

Ife si a kunyanja. Makolo anga anachokera ku Dedza boma litatumiza bambo kudzaphunzitsa, ndipo amayi anafika akulumbira kuti sangakhalitse m'dziko limene munthu amatuluka thukuta akusamba. Anakhalitsa. Ine ndinabadwira konko, ndipo bambo atapuma ntchito anagula kanyumba komwe tinkachita lendi kaja. Chimene chinawamanga miyendo amayi, ndikaganiza lero, si nyanja kapena nsomba. Anali mnzawo wa kuseri kwa mpanda wathu.

Ine ndinkawatchula amayi akuseri. Anali Msilamu, amuna awo anamira m'nyanja ine ndili wamng'ono, ndipo ntchito yawo inali kugula usipa kwa asodzi, kuwuyanika pa thandala n'kuwugulitsa kwa a geni ochokera ku Lilongwe. Anali aafupi koma a mawu aakulu, moti akamakambirana mtengo munthu wachilendo ankayesa yabuka ndewu. Pakati pa nyumba zathu panali mpanda wa bango, ndipo mumpandamo munali mpata umene mbuzi inaboola kalekale. Chaka chilichonse bambo ankalonjeza kuwutseka, chaka chilichonse amayi ankawapezera ntchito ina.

Pampata umenewo pankadutsa mbale. Inali yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, utoto utasupuka m'mbali. Mwambo wake ndi wodziwika kwa aliyense: mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Inkabwera kwathu ndi usipa wofutsa, utaka wowamba, nthawi zina mutu wa kampango. Inkabwerera ndi mpiru wa m'dimba la amayi, limene ankalithirira ndi madzi a pamjigo mpaka mchenga unagonja, kapena nyemba zimene abale ankatitumizira kuchokera kumapiri. Mwezi wa Ramadhani tinkadya futali ngati kuti nafenso tasala. Pa Khirisimasi amayi ankanyamula nkhuku yathu kukachinjitsa kwa shehe, kuti mnzawo athe kudya nafe mosakayika. Mbaleyo inali ya yani, panalibe wodziwa. Amayi ankati ndi ya amayi akuseri, amayi akuseri ankati ndi ya amayi, ndipo mkangano umenewu ankaukonda ngati fodya wa pamphuno.

Malipiro a aphunzitsi akachedwa, mwezi unkatalika ngati msewu wa ku Khombedza uli wapansi. Amayi ankasuzumira m'thumba la ufa, n'kunena kuti, "Mulungu sanagone, tidya." Ine ndinkapsa mtima ndi mawu amenewa, chifukwa mawu satendera ndiwo. Koma dzuwa lisanafike pamutu bango linkachita phokoso, mbale n'kutulukira. Bambo ankatambasula pemphero lawo, ndipo akamaliza amayi ankati, "Mngelo wanu wa lero anavala mpango, ndipo amanunkhira usipa." Amayi akuseri anali ndi mawu awo a chinthu chomwechi. Ankati riziki, gawo limene Mulungu amaikira munthu aliyense pa tsiku, limene wina sangakudyere ngakhale atadzuka m'mamawa bwanji. Amayi awiriwa sankapikisana pa za chipembedzo. Wina ankapita kutchalitchi, wina kumzikiti, n'kudzakumana pampanda kuseka amuna.

Amayi anadwala ine ndili kale pantchito ku Lilongwe. Matendawo sanatenge nthawi, koma anali aukali. Bambo anapemphera monga sindinawaonepo, anasala kudya, anagwada mpaka mawondo anachita zipsera. Chomaliza chimene amayi anameza chinali phala la mpunga, ndipo linabwera m'mbale ya mkombero wabuluu. Anatisiya nyengo ya mwera. Tinakawaika kwawo ku Dedza, ndipo amayi akuseri anakwera nafe lole, atadzikulunga ndi zitenje zawo zonse, mano akugundana ndi chisanu cha kumapiri chimene anali asanachilawepo. Abale anapempha bambo kuti atsalire kumudzi. Iwo anakana, nati nkhuku zasiyidwa zokha.

Ndinabwerera kuntchito. Ndikaimba foni, yankho la bambo, amene ine mwana wawo wamkazi ankanditchula mayi, linali limodzi: "Ndili bwino, mayi. Osadandaula." Ndikafunsa ngati adya, ankandifunsa za nyengo ya ku Lilongwe. Ndinkadziwa kuti akuzemba, koma ndinkati ndi chisoni, chidzaphwa. Tsiku lina, kutayamba kutentha, inalowa nambala yachilendo. Anali amayi akuseri, akukuwa ngati kuti mawuwo ayenera kufika okha popanda foni.

"Mwana wanga, bwera. Bambo ako akutha."

Ndinapempha tchuthi, ndinakwera minibasi mpaka Salima, ina mpaka kunyanja, kenako kabaza. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala malaya awo oyera ndi kuwamanga mpaka batani la pakhosi monga mwa nthawi zonse, koma khosilo linkasambira m'kolala. Lamba anali atamuboola ndi msomali malo atsopano. Atayimirira kuti andilandire anagwira mzati. Dimba la amayi linali litauma gwaa, mapesi a mpiru ali mbuu. Pakhomo ponsepo zonenepa zinali nkhuku zokha, ndipo zinanenepa mochititsa manyazi.

Nditalowa m'nyumba ndinadziwa chimene chinazinenepetsa. Patebulo panali mulu wa ziwiya zosakhala zathu: mabakuli, mbale zadothi, kontena yapulasitiki, ngakhale chivundikiro cha poto. Zonse zinali zotsukidwa bwino, zosanjikizidwa mwa dongosolo la mphunzitsi, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba. Ndipo pamwamba pa kabati, payokha, panali mbale ija.

"Ababa, ziwiya izi ndi za yani?"

"Za mayi akuseriwa. Amabweretsa chakudya tsiku ndi tsiku."

"Ndiye bwanji osawabwezera?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso la mwana wa sitandade wani. "Ndiikemo chiyani? Dimba lauma. Mbale sibwerera yopanda kanthu. Amayi ako anapita ili mbali ino, ndiye kuti ulendo ndi wathu."

Ine ndine munthu waphuma, ndipo amayi ankati ndinatengera agogo ena amene ankakolola chimanga chisanakhwime. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, ndinagwira nkhuku imodzi mwa zonenepazo, poti zinali ndi mlandu. Ndinaphika mpunga wonunkhira, nkhuku, ndi chigwada chotendera momwe bambo ankachikondera. Ndinayala patebulo, ndinakhala pansi, n'kutsinzina. Ndinadikira mvula, asodzi, wopanga mchere. Kunali zii. Nditatsegula maso, bambo anali akuyang'ana khoma.

"Idya, mayi," anatero. "Ine ndimwa tiyi."

Kuwonda kwawo kunandiopsa, koma chete ameneyu anandiopsa koposa. Ndinapemphera ndekha, mawu akugwa m'kamwa ngati ndalama zachitsulo pasimenti, ndipo ndinadya ndekha. Iwo anamwa madzi awo ovala suti. Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Nthawi zina ndikawakakamiza ankatsina kachidutswa ka buledi n'kukaviika m'kapu, ngati kuti kakanyowa ndi tiyi kasiya kukhala chakudya.

Ndinawatengera kuchipatala. Dokotala anawapima konsekonse, kenako anandiitanira pambali. Anati matenda obayira jakisoni sakuwapeza, koma mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene bambo ankamwa sagwirizana ndi m'mimba mopanda kanthu, ndipo akapitiriza chonchi tsiku lina adzagwa osadzukanso. "Tikhoza kuwagoneka n'kuwaika diripi," anatero, "koma diripi si chakudya. Adye basi." Pobwerera ndinalipira makabaza awiri, koma ndinayenda pansi pambali pa njinga yawo ndikuwagwira msana, kuopa kuti mphepo ingawatenge.

Ndinayesa zonse. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinawaopseza kuti ndiwatengera ku Lilongwe akakhale m'nyumba ya mpanda wa njerwa kumene sadziwa munthu. Ndinaitana abusa. Abusa anabwera ndi akulu a mpingo anzawo, anakhala pakhonde, nayamba kuwakumbutsa za mbalame zimene sizilima koma sizigona ndi njala. Bambo anamvetsera mwaulemu, ndipo abusa akayamba vesi, iwo ankalimaliza. Munthu amene waphunzitsa Sande sukulu kuyambira abusawo asanamere mano ungamuuze vesi liti? Anawathokoza chifukwa chobwera, anawaperekeza mpaka pamsewu akudzandira, n'kubwerera ku kapu yawo.

Pamenepo nzeru za m'tauni zinandibwerera. Ndinati ngati vuto ndi ziwiya, ziwiyazo ndithana nazo. Ndinapita ku Salima, ndinagula shuga, sopo, mafuta ophikira, machesi, masamba a tiyi. Ndinaika kanthu m'chiwiya chilichonse, ndinazilongedza m'beseni, n'kuzungulira kukalowera kuchipata ngati mlendo. Mbale ya mkombero wabuluu yokha bambo anakana nayo. Anaima kutsogolo kwa kabati, ine n'kuisiya.

Amayi akuseri ndinawapeza akutembenuza usipa pa thandala. Anayang'ana m'beseni, anandiyang'ana ine, anayang'ananso m'beseni.

"Kodi watsegula golosale?"

"Ayi amayi, ndati ndibweze ziwiya zanu."

"Ziwiya ndalandira, ndipo Alhamdulillah, chifukwa ndinayamba kudyera mumphika ngati mphaka. Koma izi," ananyamula sopo ndi zala ziwiri, "izi ndi malipiro. Ndinagulitsa liti chakudya kwa bambo ako? Amayi ako ankandiikira chimene chili pamoto pawo tsiku limenelo. Kaya therere, kaya nkhwani zosathira mchere. Sanazungulirepo kuchipata ndi beseni."

Nkhope yanga inatentha kuposa mchenga umene ndinapondapo. Anachotsa ziwiya zawo chimodzichimodzi, katundu yense n'kumusiya m'beseni kuti ndibwerere naye. Kenako mawu awo anatsika, chinthu chosachitikachitika.

"Mbale ija ili kuti?"

"Akana nayo."

"Eya. Isiye. Imeneyo si ya iwe."

Ndevu za bambo zinali zitakula, ndipo manja awo ankanjenjemera moti sakanatha kugwira lezala. M'mawa mwake ndinawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango, ndinawakulunga thaulo, n'kuyamba kuwameta. Sindinagwirepo nkhope ya bambo anga chibadwire. Khungu linali lofewa ngati la mwana, ndipo mafupa ankamveka pansi pa zala. Mwina chifukwa choti sitinkayang'anana m'maso, kapena chifukwa choti munthu amene wakugwira pakhosi ndi lezala sumubisira kanthu, anayamba kulankhula.

"Ukuyesa ndikufuna kufa, eti?"

"Nanga ndiganize chiyani, ababa?"

"Njala ndimaimva, mayi. Ndimaimva kwambiri. Fungo la nkhuku yako lija linandiliza." Anameza malovu, ine n'kuchotsa lezala. "Koma ukundidziwa. Sindinadyepo chinthu osathokoza. Ndikakhala patebulo n'kutsinzina, zikomo sabwera. Zaka zonsezi ndamuthokoza Mulungu chifukwa cha mchere, chifukwa cha makala. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha. Chimodzi. Sindikuti analakwa, mwini wake ndi iye. Koma ndikati zikomo lero, ndiye kuti ndanama, ndipo kumunamiza Mulungu sindingathe. Kudya ngati wakuba sindingathenso. Ndiye ndipite pamaso pake ndi chiyani? M'kati muno mwauma ngati dimba ilo."

Ine amene ndinali ndi yankho pa chilichonse, ndinangoima ndi thovu la sopo m'manja, misozi ikugwera pa thaulo. Ndinawamvera chisoni, ndinawakwiyiranso, chifukwa chilungamo chawo chomwecho, chimene ndinkanyadira moyo wanga wonse, ndicho chinkawapha. Mumtima ndinati, Ambuye, munthu wanu uyu mukumuona? Ine zandikanika. Limenelo ndilo pemphero lokhalo loona limene ndinapemphera masiku onse amenewo. Ndinamaliza kuwameta, ndinawapukuta, ndipo anandithokoza ngati ndine wometa wa pamsika.

Mpanda wa bango subisa nkhani. Sindinaganizeko zimenezo, ngakhale ndinakulira pomwepo. Dzuwa litakwera, bambo akadali pampando paja akuwodzera, bango linachita phokoso.

"Odi kumeneko! Aphunzitsi!"

Bambo anadzidzimuka, anakonza kolala. "Eee, mayi. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Ndabwerera mbale yanga."

Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndipo ndinasiya chimene ndinkachita. Zaka zonse zija sindinamvepo mmodzi wa amayi awiriwo akunena kuti mbaleyo ndi yake.

"Mayi," bambo anatero, akuyang'ana pansi, "mundikhululukire. Mulibe kanthu. Dimba lija..."

"Dimba ndikuliona, maso ndili nawo. Ndikuifuna choncho. Ndaphika futali kuno, ndiika pati? Mbale yodzaza ndithiramo chiyani?"

"Si mwambo wake."

"Mwambo mukundiphunzitsa ine?" Nkhope yawo inali pampata, mpango utapendekeka, thukuta lili kamukamu. "Tamverani, aphunzitsi. Amuna anga atatsikira m'nyanja, mbale imeneyo inkachoka kuno yopanda kanthu dzinja lonse. Ndinalibe ngakhale usipa umodzi. Ndinkaibisa pansi pa bedi ndi manyazi, akazi anu n'kumalowa okha kudzaitenga. Ankati mwambo uja ndi wa anthu amene ali bwino. Inu munkangoona ufa ukutha msanga, osadziwa kumene ukupita."

Bambo anatukula mutu. Zinaonekeratu kuti nkhaniyi ankaimva koyamba.

"Ndipo masiku amenewo swala, pemphero lathu lija, inkandikanika," anapitiriza. "Ndinkayala mkeka, n'kungokhalapo. Mawu osatuluka. Ndinkangotambasula manja chonchi." Analowetsa manja awo awiri pampata, zikhatho zili m'mwamba, zili ndi mamba a usipa. "Muli chiyani umu? Mulibe. Koma riziki inkabwera, yodzera pampata pomwe pano. Mwini wake sanandifunse kuti wanditengera chiyani."

Nkhuku ina inadutsa pakati pawo ikupalasa.

"Inenso ndaferedwa, aphunzitsi," anatero, ndipo mawu aakulu aja anasweka. "Dzanja langa linazolowera kupima za nyumba ziwiri. Ndikaphika chimatsala, ndikachiyang'ana ndimalira. Mukamadyetsa nkhuku chakudya changa, mukundilanda mnzanga kachiwiri. Ndipatseni mbale."

Anachoka pampatapo osadikira yankho. Tinamva akugwetsa chivundikiro kukhitchini kwawo, akudzikalipira okha.

Ine ndinaluma mlomo kuti ndisalankhule, ndipo Mulungu yekha akudziwa mmene zinandivutira. Kenako bambo anagwira mikono ya mpando, anadzikoka, n'kuyimirira. Analowa m'nyumba akugwira khoma. Ndinawatsatira. Pakabati anatambasula dzanja, osafikira, anayesanso, osafikirabe.

"Ndikutsitsireni, ababa."

"Ayi."

Anaima ndi zala za kumapazi, nkhalamba yosadya ija, mpaka anaikoka ndi nsonga za zala. Anaiyang'ana m'kati. Munali fumbi pang'ono, ndipo analipukuta ndi mkono wa malaya awo oyera. Kuchokera pakhomo kufika pampanda ndi pafupi, mwana amalumpha kangapo n'kufika, koma iwo anayenda ngati akupita kukaimbidwa mlandu. Anadutsa pambali pa dimba louma osaliyang'ana. Atafika anawerama, anagwira mbale ndi manja awiri monga amachitira mwana popereka chinthu kwa wamkulu, n'kuilowetsa pampata. Nkhope anaitembenuzira kumbali.

Manja a mamba aja anailandira. Panalibe mawu alionse, ngakhale zikomo. Bambo anatsala chiweramire, manja ali lende, ndipo ndinaona kuti sakudziwa choti achite nawo. Ndinafuna kuthamanga kukawagwira, koma china chake chinandiletsa. Posakhalitsa bango linachitanso phokoso, mbale n'kubwerera, yodzaza mpaka mumkombero ndi futali wa mbatata, nsinjiro zili noninoni, nthunzi ikutuluka.

"Yotentha iyo, gwirani m'mbali," anatero mawu a kuseri.

Anainyamula okha mpaka patebulo. Ndinabweretsa madzi osamba m'manja ndi masipuni awiri, n'kukhala moyang'anana nawo. Sindinatsinzine. Ndinkaopa kuti ndikatsegula maso ndidzawapeza akuyang'ana khoma. Anayang'ana futali, anayang'ana mpando wa amayi, anayang'ana manja awo. Kenako anawaika patebulo, zikhatho zili m'mwamba, n'kutseka maso. Milomo inagwedezeka kangapo popanda chotuluka.

"Atate," anatero, mawu ali okanda ngati chitseko chosatsegulidwa nthawi yaitali. "Ndabwera chimanjamanja. Zikomo ndilibe lero. Ndili ndi njala." Anapuma. "Amen."

Ine ndinali ndikudikirabe asodzi ndi dalaivala wa lole ya mchere. Nditazindikira kuti pemphero latha, bambo anali atatenga kale sipuni. Anatapa, anaika m'kamwa, ndipo nthawi yomweyo maso awo anatuluka, anayasama, akupemerera pakamwa ndi dzanja ngati mwana. Munthu wa zaka zake zonsezo sankadziwa kuti chakudya chochoka pamoto amayamba wachiuzira.

"Chikuwotcha!" anatero modabwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Uzirani, ababa," ndinatero, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Uzirani kaye."

Anauzira, n'kutapanso.